Chipupa Choyela cha a Daka

Udzu wauma, mphepo ya Juni yayamba kuluma makutu, ndiye nyengo yake ino, nyengo yake yeniyeni. Masiku ngati ano alamu anga a Daka akanakhala atasungunula kale njeleza m'chidebe, atamangilila tsache kunsonga ya nsungwi, akupaka chipupa chao uku akuliza kamluzu kopanda mutu kopanda mchila. Patha chaka chiwaikileni m'manda. Koma lelo sindilila ai, kulila ndinalila kale mpaka mau anasasa. Lelo ndiwatchula, ndiwaseka pang'ono, pakuti mlamu ndi wosekana naye, angakhale wagona.

A Daka anali amuna ao a akulu anga, a Esitele. Kwao kunali ku Petauke, koma anadzakwatila kuno kwathu ku Luembe, nakhala mkamwini pamudzi wa amai athu. Anafika ndi njinga, anafika ndi khasu, anafika ndi mutu wodzala mafilimu, wodzala mpaka kutayikila m'makutu. Ali mnyamata ankayenda ndi galimoto ija inkazungulila m'midzi kuonetsa kanema wa zaulimi. Iwo ndiwo ankamanga nsalu pamitengo ndi kukoka zingwe. Matenda anawalowa kumeneko, ndipo sanachile. Pambuyo pake anagula kamela yaoyao, yonyamula paphewa, yaikulu ngati mwana wa mbuzi, ndipo maukwati ambili a pa Nyimba anajambula ndi iwo. Amenewo anajambuladi, wina asakunamizeni. Koma iwo maukwati sankawawelengela. Ankati kujambula ukwati ndi ganyu, ndi kulima munda wa eni. Munda wao weniweni unali mafilimu amene anali kubwela.

Ee, kubwela! Anali kubwela mafilimu aja, kubwela ngati mvula ya kumapili, imene umaiona yada bii uko, iwe n'kuthamanga kuanula ufa, iyo osadontha ngakhale kamodzi.

Inalipo filimu ya njobvu yodya mapila a mkazi wamasiye. Imeneyo analengeza m'tchalitchi, atangotha akulu a mpingo kuwelenga zolengeza, iwo dzanja m'mwamba. Njobvu zinabweladi chaka chimenecho, zinadyadi mapila, koma zinasankha tsiku limene batile la kamela linali ku Nyimba kokadzaza moto. Inalipo ya azimai ogulitsa nthochi pamsewu waukulu, aja amathamangila mabasi a ku Lusaka ndi ku Chipata, mbale pamutu, mwana kumsana. Nanga sewelo lija la kondakitala wa minibasi, limene linati lizioneka pa wailesi ya kanema sabata ndi sabata? Limenelo anakalilengezela pa wailesi ku Petauke komwe. Ife tinazungulila wailesi mudzi wonse, tinamva mau a mlamu wanga akutuluka m'kabokosi, ndipo ine ndinaimba nthungululu mpaka agalu anauwa. Anati anthu a ku Lusaka abwela mvula ikatha. Mvula itatha anati msewu waonongeka. Msewu atakonza anati dzuwa lakula, nkhope zidzaoneka zonyezimila ngati mapoto. Dzuwa litachepa, mvula inabwelanso.

Pepala analibe, cholembela analibe. Zonse zinali m'mutu, ndipo anthu osewela ankawasankhila panjila. Ukamachokela kuchitsime, umangomva kuti, "Imani pomwepo, amai!" Ukaima, iwo apanga kazenela ndi zala zao, atsinzina diso limodzi, akuyang'ana pakazenelapo, akuzungulila, akuzungulilanso. Kenaka, "Basi. Inu ndinu mwini sitolo woipa mtima." Ndipo dzina limenelo lakumatilila mpaka kumanda. Alipo bambo wina kuno, mlimi wa nshawa, amene chibadwile sanatolelepo ndalama m'minibasi, koma ana ake omwe amamutcha a Kondakitala. Kamtsikana kamene anakasankha kuti kakhale mkwatibwi kanakula, kanakwatiwa zenizeni, kanabala, kanaona adzukulu. A Daka sanadandaule. Anati chabwino, manje adzakhala ambuye a mkwatibwi, pakuti filimu yabwino siiwawa kudikila, imakalamba pamodzi ndi anthu ake.

Nanga chipupa chija? Akulu anga anaumba njelwa chilimwe chonse, anaziotcha, kuti amange khichini. Anapita kukaona odwala kutsidya masiku ochepa. Pobwela anapeza kuseli kwa nyumba kwaima chipupa chimodzi chokha, chachitali, chopanda denga, chopanda chitseko, chopanda mnzake, choyela mbee.

"Bambo, njelwa zanga zili kuti?"

"Izo zaima apo, amai. Simukuziona?"

"Chipupa chimodzi? Mvula ikamagwa ndiziphikila kuseli kwake?"

"Tsiku limene mudzadziona pamenepo, inu wamtali kuposa chitseko, mudzi wonse ukukuombelani m'manja, khichini mudzaiiwala."

"Ine ndimadziona m'chitsime tsiku lililonse, ndipo sichinandidyelepo njelwa."

Mkangano umenewo sunathe, unangokalamba nao. Chaka ndi chaka, mvula ikatha, a Daka apaka njeleza, akulu anga ali pamtondo akuwaimbila nyimbo zowanyoza, iwo n'kumavomela ndi mutu kuti nyimbo yabwino, idzalowa m'filimu. Patsogolo pa chipupa anakhazika zitsa m'mizele, mipando ya oonela. Anakhomanso msomali waukulu pamwamba, pokoleka chokuzila mau.

Koma filimu ya mafilimu onse, imene ankaitchula atavula chipewa, inali ya Mkamwini. Nkhani yake tonse tinkaidziwa. Munthu wachoka kwao, wakwatila kutali, walima minda ya apongozi moyo wake wonse, wabzala mango, wakumba chitsime, koma pamudzi pakakhala nkhani amuuza kuti inu khalani chete, ndinu obwela. Ndiye wamwalila. Abale ake abwela kudzatenga mtembo kuti akauike kwao. Apa a Daka ankaima. Tikafunsa kuti nanga anamuika kuti, ankati mudzaona pachipupa. Ife tinkaseka chabe. Sitinaganize kuti mwina nao sadziwa.

Ine m'filimu imeneyo ntchito yanga inali nyimbo. Anandiuza kuti, "Alamu, inu pamalilo paliponse ndinu woyambitsa. Ndipekeleni nyimbo ya mkamwini, yatsopano, imene khutu la munthu silinamvepo." Ndinaipeka kudimba ndikuthilila lepu. Inabwela yokha, inabwela ngati madzi a pakasupe, mau ndi maimbidwe ake pamodzi. Nditawaimbila, iwo atakhala pachidebe chovundikila, anavula chipewa. Kenaka anandipempha chinthu chimodzi. Anati nyimbo ya malilo ili ngati nsalu yokulungila mtembo, ikakulunga mmodzi yakhala yake, suingavule kuti ukakulungile wina. Choncho ndisaiimbe pamalilo enieni kufikila itajambulidwa. Ndinalonjeza. Ndinayesa ndi za mwezi umodzi.

Mayo ine, mwezi umodzi! Ana anga anakula nyimbo ili pakhosi. Tsitsi linayela nyimbo ili pakhosi. Woimba aliyense akudziwa kuwawa kwake: uli ndi nyimbo yoposa zonse zimene unapekapo, malilo akubwela, malilo akupita, iwe ukuimba za anthu ena. Ndinkaopa chinthu chimodzi, kuti ndidzapita nayo m'dothi osaimva munthu.

Pamene amai athu anamwalila ndipo panavuta. Ndinati iyai, pa amai anga ndiimba, mau ena ndisintha. Ndinayamba kuiyesa chapansipansi potunga madzi. A Daka anali kuwaza nkhuni za pamalilopo, monga achitila mkamwini, ndipo khutu lao linali lakuthwa kuposa nkhwangwa. Anandiitanila kuseli kwa nkhokwe.

"Alamu, ndakumvani."

"Mwamva bwino. Amai anga ndi amodzi. Mafilimu anu ndi ambili, ndipo onse akali m'mimba."

"Apongozi anabadwila pano, mchombo wao uli pansi pa mtengo uwo. Ali nazo nyimbo zao zowayenela. Iyo ndi ya munthu wobwela."

"Wobwela ndinu! Mundiletsa kulila amai anga pamudzi wa amai anga?"

Anangowelama, napita kukapitiliza kuwaza nkhuni. Ine ndinabwelela m'nyumba, ndinaimba nyimbo zakale, ndinaimba bwino ndithu, koma ija ndinaimeza. Ndipo kuyambila tsiku limenelo mpaka kukolola kwina sindinawalankhule. Akati mwauka bwanji alamu, ine ndiyankha nkhuku. Akasiya mkoko wa nthochi pakhomo panga, ndipatsa ana a eni. Mudziwa anandigonjetsa bwanji? Tsiku la Sabata, zolengeza zitatha, dzanja m'mwamba. Akulu a mpingo anausa moyo. A Daka anaimilila nalengeza filimu yatsopano, ya mlamu ndi mlamu wake amene salankhulana, ndipo anati wosewela wamkazi anapezeka kale, wakhala akuyesezela miyezi yambili, palibe angamupose. Tchalitchi chonse chinatembenukila kwa ine. Ndinaluma chitenje, ndinaluma, koma kuseka kunatulukila m'mphuno. Imeneyonso sinajambulidwe.

Koma ndathamanga, ndasiya m'mbuyo nkhani yaikulu, imene inachititsa kuti Mkamwini aime. Zinachitika amai athu akali moyo, akali ndi mano.

Chaka chimenecho zonse zinakumana: batile lodzaza, matepi atsopano, anthu atakolola, dzuwa lofatsa. A Daka anati tiyambile pa malilo, pakuti ndipo povuta. Wogona pamphasa anali a Tembo, mkulu wofatsa wosema mipini, amene anavomela chifukwa anamva kuti ntchito yao ndi kugona chabe. Tinawafunditsa bulangete mpaka kumutu. Pamudzi pathu aliyense anadziwa kuti ndi sewelo. Chimene a Daka anaiwala, ndipo ife tonse tinaiwala nao, n'chakuti mfuu wa malilo sudziwa pothela mudzi.

Tinayamba kulila mwamanyazi, tikusekela m'zitenje. A Daka anatsitsa kamela. "Amai inu, uku ndi kulila kapena nkhuku zikutetela? Aliyense pano ali ndi wake pansi. Mukumbukeni, mulile zenizeni!" Ndiye tinakumbuka. Wina mwana, wina mwamuna, wina mlongo. Mfuu unakwela, unakwela, mphepo inaunyamula, inauolotsa mtsinje.

Kwathu kuno ukamva mfuu sufunsa kuti ndani. Usiya chimene wagwila, mkazi atenga ufa, mwamuna atenga khasu, mafunso mudzafunsa mutafika. Ine ndinali nditangokoka mpweya kuti ndiyambe nyimbo yanga, pakamwa yasa, pamene tinamva kulila kwina kukutiyankha kuchokela kunjila. A Daka anamwetulila, kuyesa mapili akubweza mau. Sanali mapili. Anali anthu a midzi ya kutsidya, mzele wautali, malichelo a ufa pamutu, makasu okumbila manda paphewa. Patsogolo pao panali Neliya, mwana wa a Tembo wokwatiwa kutsidyako, amene mwana wina panjila anamuuza kuti pamphasa pagona atate ake.

Anadutsa pakati pathu ngati kamvuluvulu, anadzigwetsa pabulangete. "Atata ine! Atata, mwandisiya ndi yani!"

A Tembo anapilila. Anauzidwa kuti asagwedezeke zivute zitani, ndipo anali munthu womvela. Koma misozi ya mwana wako ikadutsa bulangete n'kukufika pankhope, ndani angagone? Anadzuka, bulangete likali kumutu, nati, "Neliya, mwana wanga, usalile, ndi filimu."

Kalanga ine! Malichelo m'mwamba, ufa mbuu ngati nkhungu, makasu pansi, amuna akuluakulu kulowa m'mapesi osayang'ana m'mbuyo. Wina akufuula kuti wauka, wauka! Neliya anakomoka pomwepo. Ndipo taonani mlamu wanga, munthu amene anadikila tsiku limenelo moyo wake wonse: anaika kamela pansi, anathamangila madzi, anakhala padothi atatsamiza mutu wa mwana uja pamwendo, akumupepesa, akumukupiza ndi chipewa. Kamela inapitiliza kujambula yokha. Inajambula mapazi a anthu ndi nkhuku zikujompha ufa. Filimu yonse ya Mkamwini imene inalowapo m'tepi ndi imeneyo, mapazi ndi nkhuku.

Ufa wobwela pamalilo subwelela kunyumba, umenewo ndi mwambo. Choncho wotsala unaphikidwa, ndipo a Daka anapha mbuzi kuti olila adye, mbuzi ya akulu anga, onjezani pa njelwa zija. Anthu atakhuta mkwiyo unatsika, ena anayamba kuseka mpaka kugwila nthiti. Koma akuluakulu a mbali zonse ziwili anagwilizana kuti kulila munthu wamoyo ndi malodza, zisadzachitikenso. A Tembo anakhala a Malemu kuyambila tsiku limenelo, ndipo anakhala ndi moyo wautali kuposa anzao onse. Koma wogonanso pamphasa sanapezeke, ndipo mkazi wovomela kulila sanapezeke. A Daka anati asintha nkhani, ayambila paukwati, malilo adzaona pambuyo. Chaka chamawa, chaka chamawa.

Atakalamba, kamela inafa, matepi ake analeka kugulitsidwa. Mwana wao Tamala, amene amagwila ntchito ku Lusaka, anawauza kuti masiku ano anthu akujambula mafilimu ndi foni, tiyeni tijambule mawa lomwe. Anaiyang'ana foni ija, anaitembenuza, anaibweza. Anati munthu wa m'filimu ayenela kukula kuposa womuonela, kuti womuonela akweze maso. Munthu wokwana m'dzanja ungamulile bwanji? Koma njeleza sanaleke. Chaka chao chomaliza anapaka atakhala pampando, mzele wapansi wokha, pamene dzanja linkafika.

Anadwala masiku ochepa, chifuwa, nyengo yozizila ngati ino. Anapita m'mawa, nkhuku zitatuluka, akulu anga atawagwila dzanja.

Tsiku lotsatila kunafika lole yochokela ku Petauke. Munali abale ao, ndipo wotsogolela anali muphwa wao, mwana wa mlongo wao, bambo waulemu wovala jekete. Anati amalume akagona kwao, pafupi ndi amai ao, pakuti kuno anali obwela. Amuna anakhala pazitsa zija patsogolo pa chipupa, kukamba, kukamba. Dzuwa linakwela. Okumba manda anatsamila makasu ao, osadziwa ngati akumbe kapena asakumbe. A Tembo, okalamba mpaka maso kuyela, anagogoda pansi ndi ndodo nati, "Ine pamphasa ndinagonapo kale, ndi pozizila. Fulumilani, musamuchedwetse mnzanga." Ena anaseka, koma nkhani sinasunthe.

Ife akazi tinali m'nyumba ndi mtembo. Akulu anga anali atakhala pambali panga. Ndiye anandigwila pabondo.

"Malita, suona? Ndi ija."

"Iti, akulu?"

"Filimu ija. Abale afika, lole yaima, mkamwini wagona. Watsala ndiwe."

"Koma ndinalonjeza kuti kufikila itajambulidwa."

"Unasungila yani? Mwini wake ndi uyu. Imba."

Mkazi salowa pabwalo la amuna, koma mau safuna chilolezo. Ndinaima pakhomo. Tamala anakweza foni kuti ajambule, amai ake anamugwila mkono. "Tsitsa chimenecho. Atate ako akanati dzuwa silili bwino." Ndipo ndinatsegula pakamwa paja ndinatseka tsiku la a Tembo.

Munadza ndi khasu, mkamwini ee,
khasu lokha paphewa.
Mango munabzala adya ndani?
Tidya ife, tidya ife.
Chitsime munakumba amwa ndani?
Timwa ife, timwa ife.
Nanga mupita kuti, atate?
Kwanu ndi kuno, kwanu ndi kuno.

Mau anatuluka okalamba, onjenjemela, koma anatuluka onse, palibe limodzi linatayika m'zaka zonse zija. Pobweleza kachiwili akazi m'nyumba anavomela, tidya ife, tidya ife. Pobweleza kachitatu anavomela a panja, anavomela a Kondakitala, anavomela mwini sitolo woipa mtima, anavomela mkwatibwi wa imvi, anavomela Neliya. Pabwalo la amuna mkangano unaima. Muphwa uja anakweza maso kumitengo ya mango, anayang'ana chipupa, anatulutsa kansalu m'thumba. Kenaka anati, "Amalume anamanga kale pano. Akumbe." Ndipo makasu anapita kumanda a mudzi wathu.

Ndiye mathelo ake ndi amenewo, amene anatikaniza zaka zonse. Mkamwini anamuika kwa mkazi wake. Ine nyimbo inachoka pakhosi, ndipo ndimapuma bwino, ndimagona bwino, ndimadya bwino. Sindinaiimbenso pamalilo ena ai. Inakulunga mwini wake, yakhala yake.

Chipupa chikali chiimile. Chaka chino palibe wapaka. Mvula yasiya mizele yakuda kuchokela pamwamba, njeleza yayamba kusupuka, njelwa zofiila zikusuzumila. Mbuzi zimadzikanda pangodya. Pamsomali paja mavu amanga nyumba, ndipo zitsa zina chiswe chadya, mizele yakhala ngati mano a nkhalamba. Mwezi wathawu mkamwini, mwamuna wa Tamala, anati agwetse, njelwa zikali zabwino, amangile apongozi khichini imene akhala akuilila moyo wonse. Akulu anga anatenga mthiko. Anati wokhudza njelwa imodzi adziwa chimene chinathyola mbuzi mwendo.

Njila ya kuchitsime imadutsa pakati pa zitsa ndi chipupa. Madzulo dzuwa likapendeka, aliyense wodutsa chithunzithunzi chake chimagwa pamenepo. Dzulo ndinakhala pachitsa cha kutsogolo ndikusenda nshawa, ndipo akulu anga anadutsa ndi ndowa pamutu. Ndinawaona pachipupa, akuyenda pang'onopang'ono, ndowa ndi iwo pamodzi, wamtali kuposa chitseko. Ndinaomba m'manja ndekhandekha. Iwo sanatembenuke, anangoti ndapenga, napitilila. Chipupa chinatsala chokha, buluzi mmodzi pakati pake, akuotha dzuwa lotsala.